Kanema wa Dijito ndi Njira Zakale Zopanikizira Zithunzi

[NYIMBO YOTSEGULIRA: ulimba, utsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA:

   Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya luso lamakono kuno kuchigwa cha Shire, ndipo lero tikamba za kanema.

Nkhaniyi ikukhudza aliyense amene ali ndi TV, dikoda, DVD kapena foni yoonetsa vidiyo. Ambiri mwa inu munakumanapo ndi zotere: mwasaka tchanelo pa dikoda, dzina lake laoneka, mawu akumveka bwinobwino, koma pagalasi pali bii. Kapena mwana wanu ali ku Joni watumiza vidiyo ya ukwati wake, mwaiika mu fulashi, mwalowetsa mu DVD, abale asonkhana, koma DVD ija yakana. Ena apo amathamangira kwa wokonza, ena amagula chatsopano. Chikhalirecho nthawi zambiri chipangizocho chimakhala chili bwinobwino. Chimene chachitika n'chakuti kanemayo anapanikizidwa m'njira yatsopano imene chipangizo chanu sichinapangidwe kuti chiziimasula.

Njira zimenezi zili ndi mayina ouma pakamwa: MPEG-2, MPEG-4, H.264, HEVC. Musaope, tiyenda nawo pang'onopang'ono. Ndipo ndineneretu maganizo anga. Njira zakalezo zidakali ndi ntchito yaikulu, makamaka kwa ife kuno, ndipo siziyenera kutayidwa chifukwa chabe chakuti kwinakwake kwatuluka zatsopano.

Tiyambe ndi chimene kanema ali. Chimene mumaona chikuyenda pa TV kwenikweni ndi zithunzi zoima, zosinthana mofulumira, 25 pa sekondi imodzi, mpaka diso limakhulupirira kuti munthuyo akuyendadi. Chithunzi chimodzi cha TV wamba ya dijito chili ndi timadontho 720 mopingasa ndi 576 motsika. Tonse pamodzi ndi timadontho 414,720, ndipo kalikonse kamafunika kufotokozedwa kuwala kwake ndi mtundu wake. Mukawerengetsera, sekondi imodzi yokha imadya mamegabayiti oposa 20. Bandulo ya 1 GB ingathe mphindi imodzi isanakwane. Mpira wa mphindi 90 ungafune ma GB oposa 100. Palibe mlongoti, dishi kapena chimbale chimene chinganyamulire anthu wamba katundu wotere.

Alimi a thonje ku Ngabu mukudziwa kuti thonje lotayirira limadzaza malo pachabe, n'chifukwa chake limaponderedwa mu belo kuti likwane pagalimoto. Kanema nayenso amaponderedwa asanatumizidwe, ndipo dikoda yanu ndi imene imamasula. Koma thonje likamasulidwa limatuluka lonse. Kanema satuluka yense, chifukwa pompanikizapo zina zimatayidwa dala. Luso lonse lagona pa kusankha chotaya chimene diso silingazindikire kuti chasowa.

Choyamba kuchepetsedwa ndi mtundu. Diso la munthu limaona msanga kusiyana kwa kuwala ndi mdima, koma pa mitundu silisamala kwambiri. Choncho kuwala kumasungidwa pa kadontho kalikonse, pamene mtundu umasungidwa umodzi pa timadontho tinayi. Pomwepo katundu watsika ndi theka poyerekeza ndi kusunga zonse, ndipo palibe woonera amadandaula.

Kenaka chithunzi chimaduladulidwa m'timabwalo tangodya zinayi. Mu MPEG-2 timabwaloti timakhala ta madontho 8 uku ndi 8 uku. Kabwalo kalikonse kamaunikidwa ndi masamu amene katswiri wina wobadwira ku India, Nasir Ahmed, anasindikiza ndi anzake m'chaka cha 1974. Masamuwo amalekanitsa maonekedwe aakulu a kabwaloko ndi tizinthu ting'onoting'ono. Ngati kabwaloko kagwera pa thambo lopanda mtambo, manambala ochepa chabe amakwana kukafotokoza. Ngati kagwera pa udzu kapena pa chitenje cha maluwa, pamafunika ambiri, ndipo ena mwa iwo amatayidwa.

Nzeru yachitatu ndiyo imapulumutsa malo ambiri, ndipo ndikufuna muione bwino. Tayerekezani wowerenga nkhani pa MBC TV. Wakhala pampando, kumbuyo kwake kuli khoma, kutsogolo kuli tebulo. Pa zithunzi 25 za sekondi imodzi, khoma lija silinasunthe, tebulo silinasunthe, jekete silinasinthe. Zimene zasintha ndi milomo, maso ndi mutu pang'ono. Ndiye makina amatumiza chithunzi chathunthu kamodzi, kenaka pa zithunzi zotsatira amangotumiza zimene zasintha, ndi malangizo akuti kabwalo aka kasunthe pang'ono kumanzere, aka kakhale pomwepo. Pakapita theka la sekondi, kapena kupitirirapo, amatumizanso chithunzi chathunthu kuti zolakwika zisachulukane.

Mukadziwa zimenezi, zambiri za pa TV yanu zimamveka. Mukasintha tchanelo, dikoda imayamba yakhala chete kanthawi chifukwa, mwa zina, ikudikira chithunzi chathunthu choti iyambirepo. Mvula yamphamvu ikamagwa pa dishi, nkhope ya munthu imasweka m'timabwalo, tina tobiriwira, tina toima malo amodzi pamene mwini wake wachokapo kale, chifukwa malangizo ena atayika panjira. Kale pa analogi mafunde akafooka tinkaona mpunga pagalasi, koma munthu ankaonekabe chapatali. Dijito ilibe zimenezo, imaonetsa bwino kapena imasweka. Ndipo mukajambula madzi a Shire akuthamanga pansi pa mlatho wa Kamuzu, vidiyoyo imatuluka yosaoneka bwino kuposa ya munthu wongokhala, chifukwa pamadzi kadontho kalikonse kakusintha nthawi imodzi, makina alibe poti apumire.

[NYIMBO YAIFUPI]

Tsopano mayina aja. M'chaka cha 1988 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anakhazikitsa gulu lotchedwa MPEG, motsogozedwa ndi Leonardo Chiariglione wa ku Italy ndi Hiroshi Yasuda wa ku Japan. Cholinga chinali chakuti makampani onse agwirizane njira imodzi, kuti chimbale chopangidwa dziko lina chiziwerengeka pa makina a dziko lina. Njira yawo yoyamba, MPEG-1, inatuluka mu 1993. Achikulire mukukumbukira ma VCD, pamene filimu imodzi inkabwera pa zimbale ziwiri, n'kuima pakati kuti mwini vidiyo sho asinthe chimbale anthu akukuwa. Imeneyo inali MPEG-1. Ngakhale nyimbo za MP3 zimene zadzaza m'mamemore khadi anu ndi gawo la MPEG-1 yomweyo, ndipo palibe amene akuzitaya chifukwa cha ukalamba.

MPEG-2 inabwera chapakati pa zaka za m'ma 1990. Iyi ndiyo inanyamula DVD, imene inayamba kugulitsidwa mu 1996, komanso TV ya dijito ya pa dishi m'zaka zake zoyamba. Mpira uja wa ma GB oposa 100, MPEG-2 imautsitsa kufika pa ma GB atatu kapena kucheperapo. Mu 2003 kunatuluka H.264, imene pa makatoni a madikoda imalembedwanso kuti MPEG-4 AVC. Iyi imanyamula chithunzi chomwecho pa malo pafupifupi theka la MPEG-2. Mu 2013 kunabwera HEVC, dzina lina H.265, yochepetsanso ndi pafupifupi theka. Mu 2018 makampani monga Google, Netflix ndi Amazon anatulutsa yawo yotchedwa AV1, ndipo mu 2020 kunabwera H.266.

Njira yatsopano iliyonse imasunga malo, koma imatero pochulukitsa masamu. Kachipangizo ka mkati mwa dikoda kamapangidwa kudziwa masamu a njira zimene zinalipo pa nthawi yake. Dikoda ya HEVC imamasula H.264 ndi MPEG-2 mosavuta. Dikoda ya MPEG-2 singamasule H.264 ngakhale muisinthe mapulogalamu kangati. Tchanelo chomveka mawu okha chija chimachokera pamenepa: dikoda ikudziwa njira ya mawu, koma ya chithunzi siikuidziwa.

Nanga Malawi anaima pati? TV yathu inachedwa kubwera. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, pa analogi. Mu 2006 ku Geneva, mayiko a mu Africa, Europe ndi madera ena anagwirizana pansi pa bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamukira ku dijito. Mu November 2010 nduna za mayiko a SADC zinakumana ku Lusaka n'kusankha njira youlutsira ya DVB-T2, pamodzi ndi MPEG-4 yopanikizira zithunzi. Malawi anatsata zomwezo. Kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited (MDBNL) ndiyo imanyamula matchanelo pa milongoti, ndipo madikoda ake ndi aja a Kiliye Kiliye. Bungwe la MACRA ndilo limapereka ziphaso ndi kuyang'anira mafunde.

Chisankho cha ku Lusaka chinali chabwino. Mayiko amene anayamba msanga, monga Britain mu 1998, anayamba ndi MPEG-2 chifukwa ndiyo inalipo. Ife pofika mochedwa tinaidumpha pa milongoti yathu, n'kuyambira pa H.264. Pa mpata umodzi wa mafunde, pamene kale pankadutsa tchanelo chimodzi cha analogi, lero pamatha kudutsa matchanelo 15 kapena 20. Choncho ndikamati njira zakale, kwa ife ndikunena ziwiri: MPEG-2, imene ili m'zimbale ndi m'zipangizo zambiri m'nyumba zathu, ndi H.264, imene inali yatsopano dzana koma tsopano yapitirira zaka 20, ndipo amalonda ayamba kuitcha yachikale.

Dziwaninso kuti MPEG-2 sinachoke ngakhale mu dikoda yamakono. Kupatula kupanikiza zithunzi, inakhazikitsanso kapakiridwe ka katundu paulendo. Chithunzi, mawu ndi dzina la tchanelo zimadulidwa m'timapaketi ta mabayiti 188, kalikonse ndi nambala yake, kuti dikoda idziwe kuti aka n'ka tchanelo chakuti, aka n'ka mawu. Kapakiridwe kameneko ndi komwe DVB-T2 ikugwiritsabe ntchito lero. Aliyense woonera Kiliye Kiliye, GOtv kapena DStv akudalira nzeru ya m'ma 1990 imeneyi tsiku lililonse.

[NYIMBO YAIFUPI]

Mwina wina akuti, mayiko olemera anasiya kale zimenezi, ife tikukakamira chiyani? Sizili choncho. Ku United States anazimitsa analogi mu June 2009, ndipo TV yaulere ya pa mlongoti imene anthu ambiri amaonera kumeneko ikuyendabe pa MPEG-2. Njira yawo yatsopano ya HEVC itayamba, boma linalamula kuti nyumba youlutsira imene yasamukira kumeneko ipitirize kuulutsanso m'njira yakale, kuti anthu a ma TV akale asatsale mumdima. Ku Japan, kwawo kwa makampani a ma TV, TV wamba ya pa mlongoti nayonso ili pa MPEG-2. France inadikira mpaka April 2016 kuti isiye MPEG-2 pa milongoti yake. Germany ndiyo inadumphira ku HEVC mu March 2017, ndipo mabanja oonera pa mlongoti anayenera kugula madikoda atsopano, ngakhale amene TV zawo zinali zogwira bwinobwino.

Chimene chimachedwetsa mayikowa si kusowa akatswiri. Kusintha makina ku nyumba youlutsira n'kosavuta, ndi makina ochepa pamalo amodzi. Koma mbali ina ya ulendowo ili m'nyumba za anthu, ndipo kumeneko wolipira ndi mwini nyumba. Phindu la malo osungidwa pa mafunde limapita kwa woulutsa, pamene mtengo wa dikoda yatsopano umagwera woonera.

Palinso za umwini wa luso. Njira zimenezi zimapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo aliyense amalembetsa gawo lake kuti wopanga zipangizo azimulipira. Nthawi ina dikoda iliyonse ya MPEG-2 inkalipiridwa madola 2.50 a ku America. Umwini wotere umatha pakapita zaka pafupifupi 20, ndipo wotsiriza wa MPEG-2 ku United States unatha mu February 2018. Wa H.264 nawonso ukutha pang'onopang'ono. HEVC ndiyo inavuta, chifukwa eni ake anagawikana m'magulu angapo, lililonse ndi mtengo wake, moti opanga zipangizo ambiri anazengereza nayo. Ndalama zimenezi simuziona pa lisiti, koma zimakhala zili mu mtengo wa chipangizo. Njira ikakalamba imatsika mtengo, imapezeka paliponse, ndipo wokonza ma TV pa Nchalo kapena pa Bangula amakhala akuidziwa.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Tanthauzo lake n'lakuti TV imodzi kuno siionedwa ndi banja limodzi. Lowani mu vidiyo sho pa msika uliwonse madzulo a Loweruka. Mabenchi adzaza, ana akhala pansi kutsogolo, chitseko chatchingidwa ndi nsalu kuti kuwala kusalowe. Patebulo pali TV, pambali pake DVD yokhala ndi polowetsa fulashi, pansi pali batire ya galimoto yolumikizidwa ku sola ya padenga, ndipo mwini wake akuwerengera ngati motowo ufike kumapeto kwa filimu yachiwiri. Zipangizo zimenezi anazigula chimodzichimodzi, pa zaka zingapo, mwina atagulitsa thonje kapena mbuzi. Dikoda imodzi ikasiya kugwira pamenepo, anthu makumi angapo ataya poonera nkhani.

Ndipo chigwa chino chimagula katundu kawirikawiri kuposa madera ena, osati mwa kufuna. Madzi a mu January 2015 anakokolola nyumba ndi katundu. Mu March 2019 kunabwera mvula ya namondwe Idai. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 kunabwera namondwe Freddy. Banja limene lamanganso nyumba kawiri kapena katatu, likagula TV ndi dikoda limayembekeza kuti zikhalitsa. Onjezanipo kuti madikoda onse ndi ochokera kunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuuza banja lotere kuti dikoda yake yogwira bwino yatha ntchito chifukwa kwabwera njira yatsopano si nkhani yaing'ono.

Ena mukukumbukira chaka cha 2013, pamene matchanelo a SABC anazimiririka pa madikoda aulere a pa dishi kuno ku Malawi ndi m'mayiko oyandikana nafe. Chifukwa chake chinali china, eni ake ku South Africa anatseka mafundewo ndi loko, sikunali kusintha kwa kapanikizidwe. Koma chimene chinachitika m'nyumba n'chofanana ndi chimene chimachitika njira ikasinthidwa mwadzidzidzi. Munthu anagona ali ndi chipangizo chaphindu, n'kudzuka chili chongokongoletsa pa shelefu.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake. Mu October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40. Foni kapena kompyuta imene ili ndi kachipangizo komasulira H.264 imaonetsa vidiyoyo mosavutika. Mukaipatsa vidiyo ya HEVC kapena AV1 pamene ilibe kachipangizo kake, imayesa kumasula ndi mphamvu za ubongo wake wonse. Imatentha m'manja, chithunzi chimadukaduka, batire imatha msanga. Kwa munthu wotchajitsa foni pa msika ndi ndalama, imeneyo ndi ndalama yotayika.

Mfundo imene ndimaiona yolemera kuposa zonse ndi ya machenjezo. Nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA zikachenjeza kuti madzi akubwera kuchokera kumtunda, kuti mtsinje wa Ruo, Mwanza kapena Shire usefukira, uthengawo uyenera kufika pa chipangizo chilichonse chimene chili choyaka. Wailesi ya FM, imene ndi luso la m'ma 1930, imafika m'midzi yambiri, ndipo mawailesi a m'madera monga Nyathepa ndi Gaka akudziwa ntchito imeneyi. Koma masiku ano machenjezo ambiri, ndi maphunziro a za kolera, katemera ndi ulimi, amayendanso ngati timavidiyo ta pa foni. Inu a m'mabungwe ndi m'maofesi a boma amene mumakonza timavidiyoti, kumbukirani kuti foni imene mwajambulira si imene ili m'manja mwa mayi wa ku Makhanga. Vidiyo yowala bwino imene ikukana kutseguka pa foni yake sinachenjeze aliyense. Itulutseni mu H.264, yaing'ono, yoti ngakhale foni yotsika mtengo iitsegule ndi kuitumiza pa Bluetooth.

[NYIMBO YAIFUPI]

Sindikunena kuti zatsopano n'zoipa. Mafunde a wailesi ndi chuma chochepa, ndipo malo amene TV yasiya ndi amene makampani a mafoni amagwiritsa ntchito kufikitsa intaneti kumidzi. Kwa woonera YouTube pa bandulo, njira yatsopano imachepetsa ndalama, bola foni yake ikhale yoimasula. Ndipo tsiku lidzafika loti Malawi asunthe, makamaka matchanelo akadzachuluka ofuna kuonetsa zithunzi za HD.

Koma pa intaneti ndi pa mlongoti zinthu zimayenda mosiyana. YouTube imasunga vidiyo imodzi m'njira zingapo, n'kupatsa foni iliyonse imene ingathe kumasula. Mlongoti ndi setilaiti sizifunsa. Zimatumiza chinthu chimodzi kwa onse nthawi imodzi, ndipo amene dikoda yake siyikuchidziwa watsala. N'chifukwa chake woulutsa ayenera kuyang'ana dikoda yakale kwambiri imene idakali yochuluka m'midzi, osati yatsopano imene ili m'sitolo ku Blantyre.

Pempho langa kwa a MACRA, a MDBNL ndi makampani a TV yolipira n'lakuti tsiku losinthalo likadzayandikira, adzayambe awerenga madikoda amene ali m'manja mwa anthu, kuphatikizapo a m'maboma akutali ngati athu ano. Adzalengeze zaka zingapo nthawi isanakwane, m'Chichewa, m'Chisena ndi m'zilankhulo zina, osati m'nyuzipepala za Chingerezi zokha. Adzayambe ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zolowa m'dziko zikudziwa njira zonse ziwiri, kuti anthu asinthe pang'onopang'ono pamene zakale zikufa zokha. Ndipo matchanelo aulere, makamaka a nkhani, adzapitirire m'njira yakale mpaka otsalira atachepa kwenikweni.

Tsopano za inu ogula. Mukafuna TV kapena dikoda yoonera pa mlongoti, werengani pakatoni. Payenera kulembedwa DVB-T2 komanso MPEG-4 kapena H.264. TV yakaunjika yochokera ku Britain kapena kwina ikhoza kulembedwa DVB-T yopanda 2 kumapeto. Imeneyo yokha sigwira matchanelo athu, koma musaitaye, ilumikizeni ku dikoda igwira ntchito ngati galasi. Chimodzimodzinso TV yachimbuyo ija ya kalekale, bola ikhale ndi polowetsa mawaya achikasu, ofiira ndi oyera. Ya pa dishi ikhale ya DVB-S2. Ngati pakatoni palembedwanso H.265 kapena HEVC ndipo mtengo sukusiyana kwambiri, tengani imeneyo, chifukwa imadziwa zakale ndi zatsopano zomwe. Koma wogulitsa asakuumirizeni kutaya yogwira bwino imene muli nayo kale.

Inu anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa msika, pali msampha umene umakudanitsani ndi makasitomala. Dzina lakuti MPEG-4 lili ndi njira ziwiri zosiyana. Ina ndi yakale, imene ambiri mumaidziwa kuti DivX kapena Xvid, ya mafayilo othera ndi AVI. Ina ndi H.264. Ma DVD ambiri olowa fulashi amadziwa yoyambayo, MPEG-1 ndi MPEG-2 basi, ngakhale pakatoni palembedwe MPEG-4. Komanso dzina lothera ndi MP4 limangonena chopakiramo, silinena njira imene ili mkati. Mafayilo awiri a MP4, ina ikhoza kukhala H.264, ina HEVC. Muzimufunsa kasitomala kuti akaonera pa chiyani musanamuikire. Wa DVD mupatseni MPEG-2 kapena Xvid, wa kafoni ka mabatani mupatseni 3GP, wa foni yamakono ndi TV yamakono mupatseni H.264. Abale a kunja otumiza mavidiyo adziwenso kuti kuyambira 2017 mafoni a iPhone amajambula mu HEVC akasiyidwa mmene anabwerera, koma m'makonzedwe a kamera muli posankha njira yogwirizana ndi zipangizo zambiri.

Chotsiriza ndi zimbale zimene muli nazo m'nyumba. Maukwati, zinkhoswe, makwaya a mpingo, kulonga ufumu, magule a utse ndi likhuba amene anajambulidwa m'zaka za m'ma 2000, zambiri zili pa VCD ndi DVD, kutanthauza MPEG-1 ndi MPEG-2. Pa mbali ya kapanikizidwe musade nkhawa, njira zimenezi n'zodziwika poyera ndipo mapulogalamu aulere monga VLC amazitsegula pa kompyuta iliyonse. Chodetsa nkhawa ndi chimbale chenichenicho. Zimbale zobena zimalembedwa pa utoto wopyapyala umene umaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, ndipo kuno zonse zitatuzi tili nazo. Pitani nazo kwa wa kompyuta zidakali zowerengeka. Mumuuze akopere mafayilo mmene alili, aja othera ndi VOB pa DVD kapena DAT pa VCD, asawasinthe n'cholinga chosunga malo, chifukwa kupanikiza kanema wopanikizidwa kale kumatayanso zina, ndipo zotayikazo sizibwerera. Ngati mukufuna ya pa foni, apange ina yapadera ya H.264, yoyambirira ija ikhale osaikhudza. DVD yodzaza ndi ma GB 4.7 okha, ndiye fulashi ya 32 GB ikhoza kusunga zimbale zisanu ndi chimodzi. Musunge makope awiri, imodzi kunyumba, ina kwa mbale amene amakhala kumtunda kumene madzi safika.

[NYIMBO YOTSEKERA]